TIFUNSENI ZA MASEWERO: Ma bowl a mpira wa makoleji ku America, chikho chenicheni kapena phwando chabe?

Mwezi uno mafunso ambiri abwera pa mpira wa ku America uja, osati wathu womenya ndi miyendowu koma uja anyamata amavala zipewa zolimba ngati akulowa mumgodi kenako n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Ambiri akufunsa za ma bowl, magemu apadera amene matimu a makoleji amaitanidwa kukasewera sizoni ikatha. Ndasankha anayi, enawo ndikanangobwereza zomwezo.

FUNSO: Achimwene, ine ndimakhala ku South Bend, Indiana, chaka chachitatu tsopano. Kuno kukakhala gemu ya timu ya yunivesite ya Notre Dame tauni yonse imasokonekera, misewu kudzaza, anthu kuotcha nyama pamalo oimika magalimoto kuyambira m'mamawa. Mu Disembala 2025 timuyi inasiyidwa pa playoff, mpikisano wochotsana wopezera katswiri wa dziko, ndiye inangoti ife bowl sitipita. Kuntchito anzanga anakangana koopsa, ena akuti achita bwino ena akuti ndi manyazi, ine ndimangogwedeza mutu ngati ndikumva. Kodi ma bowl amenewa ndi chani kwenikweni, ali ndi ntchito? — Wowerenga wa ku South Bend

YANKHO: Achemwali, musadandaule, ngakhale eni akewo sagwirizana, ndipo mkangano munaumva kuntchitowo ndi wakale kuposa agogo awo. Kuti mumvetse tiyambire kumayambiriro chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti bowl inayamba ngati chikho, pomwe ayi, inayamba ngati malonda a tauni.

Ku Pasadena, California, kunali kale chionetsero cha maluwa cha pa Nyuwele, ndiye okonza anati tiyeni tiwonjezere gemu ya mpira kuti anthu a kummawa amene akuzizidwa ndi sinowo aone kuti kuno dzuwa likuwala mu Januwale. Pa 1 Januwale 1902 Michigan inakumana ndi Stanford, ndipo inawathidzimula 49-0 mpaka a Stanford anapempha okha kuti gemu ithe nthawi isanakwane. Okonzawo anakhumudwa, mpira anausiya kaye n'kumachita mipikisano ya ngolo zokokedwa ndi akavalo, mpira unadzabwereranso mu 1916. Dzina loti bowl likuchokera ku bwalo lomwe anadzamanga kumeneko, lozungulira komanso lakuya ngati bakuli, Rose Bowl. Matauni ena ofunda ataona kuti alendo akusiya ndalama m'mahotela anayamba awo: Orange ku Miami, Sugar ku New Orleans ndi Sun ku El Paso mu 1935, Cotton ku Dallas mu 1937. Tamverani mayinawo, malalanje, shuga, dzuwa, thonje, aliyense kutsatsa chakwawo. Kukanakhala kwathu bwenzi tili ndi ya fodya ku Kasungu ndi ya chambo ku Mangochi.

Ndiye chodabwitsa ndi ichi. Mpira wa makoleji akuluakulu kwa zaka zambiri unalibe fainolo. Katswiri wa dziko lonse ankasankhidwa ndi mavoti, atolankhani kudzera m'bungwe la nkhani la AP anayamba kuvota mu 1936, makochi nawo anali ndi voti yawo, ndipo kwa nthawi yaitali ankavota ma bowl asanaseweredwe n'komwe. Mu 1964 Alabama inapatsidwa ukatswiri, kenako inapita ku Orange Bowl n'kukaluza kwa Texas 21-17, koma ukatswiri unakhalabe wake. Tangoganizani, timu yalandira kale chikho kenako ikukaluza gemu yomaliza, anthu n'kumati palibe vuto inali yongosangalala. Apa mukuona kuti nthawi imeneyo bowl inali ngati masewero opimana mphamvu koma a ulemu waukulu.

Mavoti atasunthidwa kuti azichitika ma bowl atatha, apo ndiye zinthu zinakoma. Kuyambira cha m'ma 1970 mpaka m'ma 1990 tsiku la 1 Januwale linali lamoto chifukwa timu ya nambala wani ikapunthwa ku bowl ina, ya nambala 2 kapena 3 imene ikusewera kutauni ina imatha kulanda ukatswiri tsiku lomwelo. Anzanu akuntchito amene ali ndi imvi akamati bowl ndi yopatulika akukumbukira nthawi imeneyi. Koma inalinso ndi chisokonezo chake, mu 1997 atolankhani anati katswiri ndi Michigan, makochi anati Nebraska, matimu awiriwo osakumana. Mu 1998 anayambitsa ndondomeko yotchedwa BCS yoti nambala wani ndi nambala 2 azikumana basi, mu 2014 inabwera playoff ya matimu anayi, mu 2024 anaikulitsa kufika matimu 12.

Pano ndiye pamene pagona yankho lanu. Ma bowl asanu ndi imodzi akuluakulu, Rose, Sugar, Orange, Cotton, Fiesta ndi Peach, analowetsedwa mu playoff ngati makotafainolo ndi masemifainolo, amenewo ali ndi ntchito kuposa kale, ukaluza wapita. Otsalawo, omwe ndi oposa 30, pa nkhani ya ukatswiri wa dziko sasintha kanthu olo pang'ono. Ndiye timu ngati Notre Dame imene inapambana magemu 10 n'kuluza awiri ndipo imadziona kuti ndi ya playoff, kuiuza kuti pitani ku bowl wamba kuli ngati munthu wakanizidwa kulowa kuukwati kenako akumuuza kuti bwerani mawa mudzadye mkute.

Komanso mukawauze anzanuwo kuti aka sikoyamba. Notre Dame itasewera Rose Bowl ya 1925 inakhala zaka 45 osapita ku bowl iliyonse mwa kufuna kwake, akuluakulu a sukuluyo ankati zimasokoneza maphunziro, inadzabwereranso pa Cotton Bowl ya Januwale 1970. Maganizo anga? Ndikumvetsa mkwiyo wawo koma ine ndikanapita, chifukwa mu timu muja muli anyamata a chaka chomaliza amene NFL, ligi yaikulu ya mpirawu imene osewera amapitako akachoka kukoleji, siidzawaitana, ndipo anavula yunifomu komaliza osadziwa kuti n'komaliza.

FUNSO: Akulu, ine ndimatsatira mpirawu pa intaneti ndili konkuno ku Lilongwe. Chimandinyansa ndi osewera okana kusewera bowl ati akudzisungira NFL. Sukulu yakuphunzitsa ulere zaka zitatu, lero ukuthawa anzako pa gemu yomaliza? Kwathu kuno wosewera wotere masapota sangamusiye. — Sapota wa ku Area 25

YANKHO: Aise, ndakumvani ndipo mtima wa usapota umatero, koma ndiloleni ndikuuzeni za mnyamata wina dzina lake Jaylon Smith musanaweruze. Anali wotchinga kumbuyo wa Notre Dame yomweyo, aliyense ankati pa draft ya NFL, pamene matimu amasankha mosinthana osewera ochokera kumakoleji, adzatengedwa m'gulu la asanu oyambirira. Pa 1 Januwale 2016 anasewera Fiesta Bowl ndi Ohio State, chaka chimenecho sinali gemu ya playoff, ndipo kota yoyamba isanathe bondo linapindika moipa, mitsempha kuduka, mpaka phazi limakanika kudzuka. Pa draft anatsika kufika nambala 34, anamutenga a Dallas Cowboys, sizoni yake yoyamba yonse anaithera kuchipatala ndi kumafizo. Ku NFL malipiro a wosewera watsopano amatengera nambala imene wasankhidwira, ndiye kutsika kuchoka pa 5 kufika pa 34 ndi madola mamiliyoni ambirimbiri kupita ndi mphepo, chifukwa cha gemu imodzi yopanda chikho cha dziko.

Anzake anaona. Disembala wa chaka chomwecho Leonard Fournette wa Louisiana State (LSU) ndi Christian McCaffrey wa Stanford analengeza kuti ma bowl awo sasewera. Anatukwanidwa koopsa, odzikonda, amantha, zonse zija mwanenazi. Koma sabata zomwezo Jake Butt wa Michigan amene anasankha kusewera anaduka mtsempha wa bondo ku Orange Bowl n'kutsika mpaka raundi yachisanu, pomwe Fournette anatengedwa wa nambala 4, McCaffrey wa nambala 8. Matimu a NFL sanawalange olo pang'ono. Kuyambira pamenepo chitseko chinatseguka ndipo sichidzatsekekanso.

Nanga za kukhulupirika mukunenazo, bwanji sitiyamba ndi makochi? Kumapeto kwa Novembala 2021 Brian Kelly anasiya Notre Dame ili ndi mawini 11 luzi imodzi, mwayi wa playoff ukadalipo, n'kupita ku LSU pa kontrakiti ya zaka 10 ya madola pafupifupi 95 miliyoni. Fiesta Bowl anyamata anakasewera ndi kochi watsopano Marcus Freeman. Izi zimachitika chaka ndi chaka, kochi akapeza podyera pabwino amanyamuka bowl isanafike ndipo anthu amati ndi bizinesi, koma mwana wa zaka 21 amene mwina banja lonse likuyang'ana bondo lakelo akachita chimodzimodzi ndiye akuti alibe khalidwe. Ine pamenepo sindivomera.

Chomwe ndingagwirizane nanu ndi choti zapha kukoma kwa magemu ena, apo sindikana. Chitsanzo chowawa ndi Florida State mu 2023. Anapambana magemu onse 13, koma quarterback wawo, woponya mpira amene amatsogolera timu, Jordan Travis, anathyoka mwendo mu Novembala, komiti yosankha inati popanda iyeyu si timu yomweyo n'kuwasiya kunja, kulowetsa Texas ndi Alabama amene anali ataluzako kamodzi. Anawatumiza ku Orange Bowl, osewera oposa 20 sanapezeke, ena kudzisungira draft, ena kusamukira kumasukulu ena, ena kuvulala, ndipo Georgia inawachita 63-3, palibe bowl ina m'mbiri yonse imene timu inaluzapo ndi kusiyana kotere. Munthu wagula tikiti ya ndege, hotela ku Miami, kukaonera timu yachiwiri ndi yachitatu ikusambitsidwa chokweza. Ameneyo ali ndi chifukwa chokwiyira.

Pena ndiye zimafika poseketsa. Mu Disembala 2024 Cam Ward wa Miami anasewera hafu yoyamba yokha ya bowl yawo, anaswa rekodi ya ma touchdown, zigoli za mpirawu, imene amaifuna, hafu yachiwiri anaonerera ali chilili m'mbali mwa bwalo timu yake ikuluza 42-41 kwa Iowa State. Miyezi inayi kutsogolo anatengedwa wa nambala wani pa draft. Mwezi womwewo Marshall, akatswiri a ligi ya Sun Belt, anakanika kupita ku Independence Bowl chifukwa kochi atachoka osewera ambiri analembetsa zosamuka, timu inatha ngati makatani, malo awo anatenga Louisiana Tech imene inali ndi mawini asanu okha. Za sukulu yaulere zija nazonso zinasintha man, kuyambira Julayi 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo kuyambira 2025 masukulu enieniwo amatha kuwalipira. Ndi ntchito tsopano, ndipo munthu wapantchito amawerengera.

FUNSO: Bambo mkonzi, mwamuna wanga amakhalira magemu amenewa Disembala yense, lero bowl mawa bowl. Ndinaona ina sitediyamu ili mbee, mipando yokhayokha. Ngati anthu sapita, akupindula ndani? — Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO: Mayi, yankho lili pabalaza panu pomwepo, akupindula ndi amene akuonetsa gemuyo kwa bambowo. Mipando yopanda anthu siwadetsa nkhawa eni ake chifukwa ndalama yeniyeni ili pa TV. Pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwele anthu ku America ali patchuthi, kunja kukuzizira, ali m'nyumba, ndipo ngakhale bowl ya matimu osadziwika imakoka oonera ambiri kuposa mapulogalamu ena amene kanema akanaika nthawi imeneyo. Kampani ya kanema ya ESPN sikuti imangoonetsa pafupifupi ma bowl onse, ena oposa khumi ndi ake enieni, imawakonza yokha kuti ipeze choonetsa. Onjezerani obetcha, amene kwa iwo gemu ndi gemu.

N'chifukwa chake achuluka chonchi. Matimu a gulu lapamwamba alipo 130 ndi kanthu, malo a ma bowl ndi opitirira 80, ndipo lamulo ndi loti upambane magemu 6 mwa 12 basi. Zaka zina oyenera amaperewera mpaka kuitana a mawini asanu. Kale kupita ku bowl inali mphoto ya timu yochita bwino zedi, lero oposa theka amapita.

Sukulu nayo sikuti nthawi zonse imabwerako ndi phindu. Bowl imalipira ndithu, ndalamazo nthawi zambiri zimapita ku ligi n'kugawana, koma sukulu imayenera kunyamula osewera, makochi, bandi yonse ya zitoliro ndi ng'oma, kuwagoneka pafupifupi sabata, komanso imakakamizidwa kutenga matikiti ochuluka kuti igulitse yokha. Connecticut itapita ku Fiesta Bowl ya Januwale 2011 inapatsidwa matikiti 17,500, ambiri anatsala m'manja, inaluza gemu 48-20 kwa Oklahoma n'kuluzanso madola pafupifupi 1.8 miliyoni. Komabe amapita, chifukwa maola atatu dzina la sukulu lili pa TV dziko lonse, makolo ndi ana ofuna malo akuona. Makochi ambiri ali ndi bonasi mu kontrakiti akafika ku bowl, komanso chimene amachikonda kwambiri ndi masabata owonjezera a tireningi, timu yosapita ku bowl imatseka kampu kumayambiriro kwa Disembala pomwe inzake ikuyesa ana atsopano kukonzekera chaka chamawa. Osewera amalandira timphatso, mawotchi, mahedifoni, makadi ogulira zinthu, kwa zaka zambiri malire anali madola 550 pa munthu.

Ndiye bambowo asiyeni aonere, koma rimoti muzigawana, Disembala ndi wa tonse.

FUNSO: Achimwene, mwatiuza zoipa zambiri m'magazini apitawa za mpira umenewu. Ine ndangoyamba kumene kuutsatira. Ndidzuke usiku chifukwa cha bowl yopanda chikho, kapena ndidikire fainolo basi? — Mphunzitsi wa ku Mzuzu

YANKHO: Aphunzitsi, fainolo muonere ndithu, koma mukadikira yokhayo muphonya mbali imene ineyo ndimaikonda. Langizo langa ndi loti musayang'ane kukula kwa dzina la timu, yang'anani timu imene ikufuna kukhalapo. Timu yaikulu imene yagwa pa playoff imabwera ku bowl ngati mwana wotumidwa kuchigayo, koma kasukulu kakang'ono kamene katha zaka kosaitanidwa kulikonse kamabwera ndi mudzi wonse.

Kafufuzeni pa YouTube Fiesta Bowl ya pa 1 Januwale 2007, Boise State ndi Oklahoma. Oklahoma ndi chimphona cha mpirawu, Boise State inali ya ligi yaing'ono, yodziwika kwambiri ndi kapinga wa buluu wa pabwalo lawo ku Idaho. Kutatsala mphindi imodzi Boise inali kumbuyo, pa mwayi wawo womaliza penipeni wina anawakha mpira n'kuuponyera mnzake amene amadutsa chothamanga kulowera kwina, mpaka kukagoletsa, gemu kulowa nthawi yowonjezera. Kumeneko Oklahoma inagoletsa, Boise inabweza, ndiye m'malo momenya kiki yofananitsa kochi Chris Petersen anati tithane pompano, tipite pa mapointi awiri, tikaphonya taluza. Quarterback Jared Zabransky anakweza dzanja lamanja ngati akuponya kumanja, timu yonse ya Oklahoma n'kukhamukira komweko, pomwe mpira uli m'dzanja lamanzere kumbuyo kwa msana wake. Ian Johnson anangoutola ngati akulandira chenji n'kuthamangira kumanzere kopanda munthu. 43-42. Mtolankhani akumufunsa mafunso pa TV, mnyamatayo anagwada pansi n'kufunsira ukwati chibwenzi chake chimene chinali m'gulu la ovina ochemerera timuyo, ndipo analola. Gemu imeneyo sinapereke ukatswiri wa dziko kwa aliyense, katswiri chaka chimenecho anali Florida, koma funsani munthu wa ku Boise ngati inali yopanda ntchito.

Ma bowl ena anazindikira kuti pa ulemu sangapikisane ndi playoff ndiye anangosankha nthabwala, ndipo zikuwayendera. Ku Charlotte kuli ina yothandizidwa ndi kampani ya mayonezi, kochi wopambana amakhala pampando n'kumukhuthulira chidebe chonse cha mayonezi pamutu, Shane Beamer wa South Carolina anazilawa mu Disembala 2021. Ku Boise kuli ya mbatata, kochi amathiridwa tchipisi. Ku Orlando mu Disembala 2023, Kansas State itagonjetsa NC State 28-19, chidole chotsatsa mabisiketi a Pop-Tarts chimene chimavina gemu yonse chinakwera pa tosita yaikulu ngati nyumba, chinatsazika anthu n'kutsikira mkati, pansi panatuluka chibisiketi chachikulu chenicheni chokhala ndi maso, osewera n'kuyamba kuchinyema ndi manja kumadya. Ena amati n'kunyoza mwambo, ine ndinaseka mpaka misozi.

Za nthawi konzekani, mu Disembala ndi Januwale ife tili patsogolo ndi maola 7 kuyerekeza ndi New York, 10 kuyerekeza ndi California. Magemu a masana kwawoko amatipeza cha m'ma 7 kapena 8 madzulo, amenewo ndi abwino, koma akuluakulu a usiku amayamba cha m'ma 2 kapena 3 m'bandakucha kuno ndipo gemu imodzi imadya maola atatu ndi theka. Rose Bowl mwamwambo imayamba masana ku Pasadena, kuno kuli cha pakati pa usiku, ndipo ikamafika kumapeto dzuwa limakhala likulowa, mapiri a San Gabriel kuseri kwa bwalo atafiira. Imeneyo ndiye muyambire, bandulo mugule yokwana ndipo foni ikhale yotchaja kale magetsi angakuchiteni chipongwe. Mwayi wake masukulu amakhala akadali patchuthi, ndiye tulo mudzabweza masana.